Mawu Ofiira m'Kompyuta ya Ababa

Phokosolo linayamba m'nyengo yotentha, mvula isanagwe, chaka chimene ndinali m'kalasi ya khumi. Silinali lalikulu. Linkangomveka kuti te, te, te, m'kati mwa bokosi la kompyuta, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo pa mbale yachitsulo. Likayamba, zonse za pagalasi zinkaima. Ababa ankachotsa manja pamabatani, n'kuwaika pamaondo, n'kumadikira. Nthawi zina makinawo ankadzuka okha. Nthawi zina ankazima, kalata ya munthu n'kufera panjira.

Baraka yathu ili ku Insaca, m'mbali mwa msewu wochokera kumsika kupita kumaofesi a boma. Ndi kachipinda kamodzi kamalata, kokhala ndi tebulo, benchi, makina osindikizira ndi kompyuta. Ntchito ya ababa ndi kulembera anthu marekerimento, makalata aja amene munthu amapempha nawo kanthu kuboma: malo omangapo nyumba, chitupa china chakale chikatayika, mwayi wolemba mayeso a ntchito. Kalata yotere imalembedwa m'Chipwitikizi chaulemu, chimene palibe amene amayankhula pamsika. Ine ndinkaphunzira m'mawa. Ndikaweruka ndinkabwera kudzasanja mapepala ndi kusunga baraka ababa akapita kukadya.

Kompyutayo inali ndi zaka zambiri kuposa ine. Ababa anasiyiridwa ndi mkulu wina wopuma pa ntchito ya ukalaliki, amene anayambitsa barakayo, ndipo ababa ankamusesera ndi kumunyamulira mapepala. Mkuluyo atakalamba anabwerera kwawo ku Lichinga. Amama anaisokera kompyutayo chovala cha kapulana, chitenje cha maluwa achikasu, chokwana bwino mbali zonse, kuti fumbi la machapa, maminibasi a kuno, lisalowemo. Chovalacho sichinkachoka ngakhale makina akugwira ntchito. Tinkanyadira kuti yathu ndi yosamalika.

Amalume, mlongo wawo wa amama, amagula nsomba zouma ku Chiuta n'kukagulitsa ku Cuamba. Lolemba lina anafika pa njinga yamoto n'kupeza anthu asanu ali pabenchi, ababa manja ali pamaondo.

"Alamu, mukupemphera kapena mukugwira ntchito?"

"Ikuganiza," anatero ababa.

"Ndadutsa pano m'mawa ikuganiza. Sinamalizebe? Mnzanu wolemba makalata uja wa pafupi ndi chipatala ali ndi kompyuta yonyamula m'manja, munthu amalowa n'kutuluka chapa isanadzaze. Anthu anu akuthera kumeneko."

Pabenchi wina anaseka n'kuyang'ana pansi. Amalume anakhala pakona ya tebulo n'kufotokoza zimene anabwerera. Ku Cuamba kunali tekiniko wokonza makompyuta, mnzawo, amene ankabwera ku Insaca Loweruka. Anali ndi kompyuta yatsopanoko yochokera mu ofesi ina. Akanatenga yathu yakaleyo kuti achotsemo zitsulo, ndipo mtengo wotsalawo amalume akanalipira okha.

"Ana a mlongo wanga amadya kuchokera patebulo lino, ndiye nkhaniyi ndi yanganso."

"Iyi ndi yabwinobwino," ababa anayankha osawayang'ana. "Angoiwonjezera mphamvu. Akuti amaikamo memoriya ina."

"Mukufuna kugulira belu njinga yothyoka pakati. Mwaikonda chifukwa chiyani, alamu? Muli golide m'katimo?"

Ababa anawongola mphonje ya kapulana uja, makina n'kudzuka, n'kuitana munthu wotsatira.

Tsiku limenelo ndinalemba m'kaderno yanga, kabuku kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, kuti: "Amalume akunena zoona. Ababa ndi ouma mutu. Ndikanakhala ine ndikanaitaya kale." Tsamba limenelo lilipobe, sindinaling'ambe.

Lachiwiri kunabwera mayi wina wa ku Amaramba, atafunda nsalu yoyera kumutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Amuna awo anali atamwalira, ndipo ankafuna kuti chilolezo cha bwato ndi maukonde chisinthidwe chikhale m'dzina lawo. Kuofesi anawauza kuti abweretse rekerimento pofika Lolemba, apo ayi chilolezocho chifa ndipo ayambenso zonse poyambirira. Ababa anamvetsera bwino, akugwedeza mutu. Kenaka anagwira mausi, n'kumayendetsa kamuvi pagalasi, kukwera, kutsika, kukweranso.

"Makina aima, mayi. Mubwere Lolemba m'mamawa."

Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi mapepala m'manja. Makina sanaime. Phokoso lija kunalibe, ndipo kamuvi kankayenda bwinobwino.

"Lolemba ndiye tsiku lomaliza, bambo."

"Mwina muyese uja wa kuchipatala," ababa anatero motsitsa mawu.

"Malemu ankalembetsa pano. Ndibwera pano."

Ababa atapita kukadya ndinakhala pampando wawo, umene sindinkaukhala. Ndinatsegula malo amene ankasungamo makalata. Munali makalata makumi atatu, ndipo mayina ake sanali a Chipwitikizi. Anali m'chiyankhulo chathu: "wotaya chitupa", "wopempha malo", "wofuna uphunzitsi", "wosamutsa mwana sukulu". Ndinatsegula imodzi. Inali kalata yathunthu, yolembedwa mwaluso, mawu onse akuda kupatula malo ochepa ofiira: dzina la munthu, mayina a makolo ake, nambala ya chitupa, mudzi, tsiku. Ndinatsegula ina, ndi inanso. Zonse chimodzimodzi. Ya bwato la munthu womwalira munalibe.

Ababa sankalemba makalata. Mkulu uja ndiye anawalemba, n'kufiiritsa malo oyenera kusintha, ndipo zaka zonsezi ababa ankangosintha mawu ofiirawo. Makina athu osindikizira amatulutsa zakuda zokhazokha, choncho papepala sipankaoneka kanthu.

Zinthu zambiri zimene ndinkazidziwa kale zinabwera pamodzi. Ababa anathawa nkhondo ali kamwana, n'kukakulira ku Malawi. Sukulu yawo yonse anaiphunzirira kumeneko, m'Chingelezi ndi m'Chichewa. Atabwerera kuno mtendere utabwera, sanalowenso m'kalasi. Chipwitikizi cha pamsika amachiyankhula, ndipo amatha kukangana nacho ndi kondakitala wa chapa. Koma kalata ya kusukulu ikabwera kunyumba ankandipatsa n'kunena kuti, "Werenga, mayi, maso anga atopa ndi galasi." Ine ndinkakhulupirira.

Te, te, te. Galasi linaima ndikuliyang'ana.

Pamenepo ndinachita mantha enieni. Makalata aja analibe kwina kumene ankakhala. Kompyutayo ikapita ku Cuamba, kapena ikangofa yokha, ababa akanatsala ndi tebulo, benchi, ndi anthu owakhulupirira, koma opanda choti awalembere. Ndipo sakanapempha tekiniko kuti awasamutsire makalatawo, chifukwa akanaona mayina aja ndi mawu ofiira aja, n'kukasimbira amalume. Amalume si oipa mtima, koma pakamwa pawo sipatsekeka, ndipo mpaka lero akakwiya amawatcha ababa "a ku Malawi".

Ndinaganiza zowakopera pa fulashi, koma ndinali nditayesapo kale. Ukangoilowetsa, makina ankazima. Ndinaganiza zosindikiza onse, koma ababa akanaona kuti mapepala achepa, komanso kufiira kuja kukanasowa. Foni ya kwathu ndi yamabatani, siijambula. Chinatsala ndi dzanja langa. Ndinatseka baraka kwa kanthawi, n'kuthamangira kumsika kukagula cholembera chofiira. Wogulitsayo anandifunsa ngati ndayamba uphunzitsi.

Ndinayambira kumapeto kwa kaderno, nditaitembenuza. Mawu akuda ndi cholembera chakuda, ofiira ndi chofiira, mzere uliwonse pamalo pake. Ababa amatha ola limodzi akapita kukadya, akagona pang'ono ola ndi theka. Ndinayamba ndi makalata amene anthu amafuna kwambiri. Kutsegula kalata imodzi kunkatenga nthawi yoti munthu n'kumwa madzi n'kutsuka kapu. Khutu limodzi linkamvera bokosi, lina linkamvera njinga ya ababa, imene imalira tcheni.

Lachitatu makina anazima ndili pakati pa "wopempha malo", ndipo anakana kuyaka mpaka ababa anafika. Anandipeza ndikusesa pamalo osesa kale. Lachinayi magetsi anathima masana onse, sindinalembe ngakhale mzere umodzi. M'kaderno ndinalemba kuti: "Ndakwana khumi ndi anayi. Kwatsala mawa lokha. Sindikudziwa ngati ndikuwathandiza kapena ndikuwabera." Lachisanu ndinanama kusukulu kuti mutu ukundipweteka, ndinauzanso ababa kuti amama akuwafuna msanga kunyumba. Chala changa chapakati chinatupa. Tcheni itamveka ndinali nditakwana makumi awiri ndi atatu.

Masiku onsewo kunyumba nkhani inali yomweyo. Amama ankati mlongo wawo akuchita chifundo, chifundo sachikana. Ababa ankati munthu sataya chinthu chimene chamudyetsa. Ine ndinkatola mbale osalowererapo. Ndinaona kuti ababa sakumaliza chakudya chawo.

Loweruka tekiniko anafika ndi amalume cha m'ma teni koloko, atanyamula bokosi laling'ono lakuda m'chikwama. Anali munthu wansangala, woyankhula mofulumira. Ataona kapulana uja anaima pakhomo.

"Patarawu, bwana wanga, mumaiyatsa itavala chonchi?"

"Fumbi," anatero ababa.

"Inu, kunja kukutentha chonchi, mungagwire ntchito mutafunda bulangeti? Mabowo awa ndi opumira. Mwakhala mukuiphika zaka zingati?"

Amalume anaseka mpaka kugwira chitseko. Ine ndinaganiza za amama akuyeza bokosilo ndi chingwe kuti chovala chikwane bwino, ndipo sindinaseke.

Tekiniko anamasula mbali imodzi. M'katimo fumbi linali litaumbika ngati thonje, kafani katatsekeka nalo. Anapemerera, tonse n'kutsokomola. Anayatsa makina, n'kuika khutu pafupi. Te, te, te.

"Mwamva? Imeneyo ndi disiko, mmene mumakhala zonse zimene mwasunga. Ikutsanzika." Anapukuta manja pa buluku. "Njira zilipo ziwiri. Ndingaikemo disiko ina, n'kukakufunirani memoriya. Koma ya mtundu uwu siipezeka, mwina ku Nampula, mwina mwezi wamawa. Ndipo china chilichonse m'katimu chapsa ndi kutentha, lero mukonza ichi, mawa chifa icho. Njira ina ndi iyi." Anamenya pang'ono bokosi lakuda lija. "Mukafunsa ine, patarawu, tengani iyi."

"Mwamva, alamu?"

Ababa anafunsa, akuyang'ana kumsewu, ngati kuti nkhaniyo ndi yaing'ono:

"Nanga zam'katimo?"

"Ngati ingalole, tisamutsa. Muli zambiri? Tiyeni tizione."

Anatambasula dzanja kuti agwire mausi. Ababa anaika dzanja lawo pamwamba pa mausiyo. Amalume anayamba kuliyang'ana dzanjalo.

"Muli zinsinsi za anthu," ndinatero. Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira. "Mayina awo, manambala a zitupa, nkhani za maliro ndi za malo. Sitiloledwa kuonetsa munthu. Simungasamutse osatsegula?"

Sizinali zabodza. Kalata iliyonse inali ndi dzina la munthu womaliza kulembetsa.

"Mwana wa sukulu uyu," anatero tekiniko. "Chabwino, dona, sindiwerenga."

Anachotsa disiko ija, kanthu kolemera kokwana m'chikhatho, n'kuilumikiza ndi waya ku bokosi latsopano. Pagalasi panabwera kamzere kosonyeza kuti ikufufuza. Tinaima anthu anayi m'kachipinda kamalata, thukuta likutsika. Kamzereko kanayenda pang'ono, n'kuima. Te, te. Kanayendanso. Kenaka phokoso linasintha, linakhala ngati kukanda, n'kusiya. Tekiniko anazula waya, n'kulowetsanso. Anayesa katatu. Anaiika pakhutu n'kuigwedeza pang'ono.

"Yapita, patarawu. Pepani."

"Basi, yatithandiza kusankha," anatero amalume. "Makalata si nkhani, alamu mulemba ena. Si ntchito yanu?"

Ababa anakhala pabenchi ya makasitomala. Sindinawaonepo atakhala pamenepo.

"Kapena tidikire," anatero. "Nditseke kaye baraka. Ndiganize."

Kaderno inali m'chikwama changa cha kusukulu, pansi pa tebulo. Sabata yonse ndinkaganiza kuti ndidzawapatsa tili awiri, koma sindinapeze mawu oyambira. Ndinaitulutsa, n'kuitsegula chakumapeto, n'kugwada pafupi nawo moti amalume asaone tsambalo.

"Ababa, aphunzitsi anati musayine ntchito yanga iyi. Ndinaiwala kukuonetsani."

"Pano, iwe?" anatero amalume.

Ababa analandira osafuna. Anayang'ana tsamba loyamba. Pamwamba pake ndinali nditalemba "wotaya chitupa", pansi pake mizere yakuda ndi malo ofiira. Anatembenuza tsamba, n'kutembenuzanso lina. Anafika kumapeto, n'kubwerera poyamba. Sanandiyang'ane. Ndinkaopa kuti andikalipira, kapena choipa kuposa apo, kuti achita manyazi ndi ine moyo wawo wonse.

Anatseka kaderno n'kuiika m'thumba la malaya awo, ngakhale sinkakwanamo.

"Titenga yatsopanoyo," anauza tekiniko. "Bokosi lakalelo tengani. Koma disikoyo isiyeni kuno, muli mayina a anthu."

"Ndi chovala chomwe nditenge?"

"Chovala ndi cha akazi anga."

Lamulungu titachoka kutchalitchi tinapita kubaraka awiri. Ine ndinakhala pampando, iwo pambali panga atagwira kaderno, chala chili pamzere. Makina atsopanowo ankayaka munthu asanakhale n'kukhala pansi. Ndinkalemba, n'kufiiritsa malo ake, n'kusunga ndi dzina lomwe lija. Titafika pa kalata yachisanu anayankhula.

"Unadziwa liti?"

"Lachiwiri."

"Amako?"

"Sindinauze munthu."

Anagwedeza mutu. Patapita nthawi anati, "Mkulu uja ankati ndiziphunzira kalata imodzi pamwezi. Ndinkati ndiyamba ntchito ikachepa." Kenaka analoza pagalasi. "Apa wasiya malo ochepa. Kumanzere kuno kumafunika mpata wa zala zitatu, ndi pamene amamenya chidindo."

Makalata asanu ndi awiri anapita ndi disiko ija. Ababa anawatchula mayina onse pamtima, ine n'kuwalemba pa tsamba lapadera. Koma imene inkativutitsa inali ina, imene sinakhalepo n'kale lonse.

"Mayi a ku Amaramba abwera mawa," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Ndingayese."

Sindinalembepo rekerimento. Kusukulu tinaphunzira maonekedwe ake tsiku limodzi lokha. Ndinatenga chiyambi cha "wopempha malo" ndi mathero a "wosamutsa mwana sukulu", pakati n'kulemba ndekha. Ndikamaliza chiganizo ndinkawamasulira ababa, iwo atatseka maso.

"Ayi. Usayambe ndi imfa. Yamba ndi nambala ya chilolezo, kuti wa pakauntala adziwe kabati yoti atsegule. Imfa ibwere pambuyo, ndipo unene kuti kalata ya maliro ili kumbuyo."

"Nanga maukonde?"

"Uwatchule padera. Ukawaphatikiza ndi bwato adzawabweza kuti akalembetse ina."

Ndinaona kuti zimene ofesi iliyonse imafuna ankazidziwa bwino kuposa buku lathu la kusukulu. Tinaibwereza kanayi.

Lolemba sindinapite kusukulu. Mayi aja anafika dzuwa litangotuluka, atakwezedwa pa njinga. Ababa anakhala pampando wawo, n'kutsegula kalata yatsopano ija, imene tinaitcha "wosintha dzina pa bwato". Anafunsa mayina n'kumasintha mawu ofiira ndi zala zawo ziwiri, monga mwa masiku onse. Itasindikizidwa, mayiwo anadinda chala.

"Mwana wangayu akuperekezani," anatero ababa.

Kuofesi tinaima pamzere pafupifupi maola awiri. Ndinaona anthu awiri akubwezedwa ndi mapepala awo, mmodzi akudandaula kuti wachokera kutali. Pepala lathu ndinaligwira m'mphepete kuti thukuta lisalinyowetse. Titafika, bambo wa pakauntala analitenga, n'kuwerenga mzere woyamba, n'kudzuka kupita kukabati. Anabwera ndi fayilo. Anawerenganso, pang'onopang'ono, mpaka pansi. Anatembenuza kuona kalata ya maliro. Mtima wanga unkagunda m'makutu ngati disiko ija.

"Walemba ndani?"

"Ku baraka ya ababa," ndinayankha.

Sananene kuti ndi yabwino kapena yoipa. Anatenga chidindo n'kumenya kumanzere, pa mpata wa zala zitatu uja, n'kuuza mayiwo tsiku lodzatenga yankho.

Nditabwerera ndinapeza ababa ataima pakhomo la baraka, anthu atatu akudikira pabenchi. Ataona kuti m'manja mwanga mulibe pepala, analowa n'kukhala pansi.

Kapulana uja tsopano timafunditsa makina madzulo tikazimitsa. Ndi wamkulu kwa bokosi latsopanoli, ndipo amama akuti adzamuchepetsa. Disiko yakufayo ili m'kabati ya tebulo, yokulungidwa m'pepala. Mwa makalata asanu ndi awiri aja tabwezeretsa anayi, munthu akabwera kudzaifuna ndi pamene timailemba. Loweruka masana, anthu akachepa, ababa amatseka chitseko theka, n'kutsegula kalata imodzi, n'kuwerenga mokweza mawu akuda. Akafika pamene sakumva amaima, ine n'kuwauza tanthauzo. Tili pa kalata yachisanu ndi chimodzi.